Za Kusankha Mbale za Messiah wa Handel

Mu mzinda wa Kabwe, monganso m'mizinda ina ya m'mbali mwa njanji, muli makwaya ambiri a m'machalichi ndi a m'masukulu, ndipo kwaya iriyonse imene yakhwima pang'ono imafuna tsiku lina kuyesa mphamvu zake pa nyimbo ija yodziwika ndi dzina lakuti Haleluya. Oyimba ambiri amaidziwa pamtima, koma ndi owerengeka okha amene anamvapo nyimbo yonse yaikulu m'mene Haleluyayo anatengedwa. Nyimbo yaikuluyo dzina lake ndi Messiah. Anaipeka ndi George Frideric Handel m'caka ca 1741, ndipo kuiyimba yonse kumatenga pafupi maola awiri ndi theka.

Masiku ano mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu, ali ndi foni m'thumba, akhoza kupeza Messiah atajambulidwa ndi magulu makumi-makumi. Akayesa magulu awiri kapena atatu amadabwa kuti sakufanana. Ena afulumira, ena acedwa. Ena amveka ngati khamu la anthu pa msonkhano, ena ngati anthu ocepa m'kacipinda. Tsono asankhe ati? Funsoli si lacabe, pakuti kwaya imayimba monga inamvera. Woyimbitsa amene anakula akumva mbale imodzi amaphunzitsa oyimba ake mayimbidwe a mbale yomweyo, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo iwonso adzaphunzitsa ena.

Kale bvuto linali la mtundu wina. Pamene mzindawu unali ndi dzina la Broken Hill, mgodi wa mtobvu ndi zinki uli pa mphamvu, anthu ambiri ocokera ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland anadza kudzagwira nchito ku mgodi, ku njanji ndi m'maofesi a Boma. Kalaliki kapena mphunzitsi wokhala ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja anali munthu woonedwa. Koma mbale za nthawi ija, zozungulira ka 78 pa mphindi imodzi, zinali kusunga nyimbo ya mphindi zinayi kapena zisanu zokha mbali imodzi, kotero kuti Messiah amene Malcolm Sargent anajambula mu 1946 anadzaza mbale pafupi 20, zolemera ndiponso zosweka msanga ngati mbiya. Munthu wa malipiro a ukalaliki sakadatha kugula mtolo wonsewo. Mbale zosewera nthawi yaitali zitayamba kuturuka mu 1948, Messiah anakwana pa mbale zitatu, ndipo lero akwana m'kafoni kosaposa cikhatho. Wakale anasowa cosankha. Wamakono zamuculukira, ndipo kuculuka kumasoceretsanso.

Asanasankhe, wowerenga ayenera kudziwa cimene akusankhaco. Handel anabadwira ku Halle m'dziko la Germany mu 1685, koma zaka zambiri za moyo wake anakhala ku London, kumene anafera mu 1759. Messiah ndi nyimbo ya mtundu umene Azungu amati oratorio, ndiko kuti nkhani yopatulika yoyimbidwa ndi kwaya, oyimba paokha ndi gulu la zoyimbira, popanda zobvala za sewero kapena kuyendayenda pa nsanja. Mau ake anawasonkhanitsa Charles Jennens kucokera m'Buku Lopatulika la Cingerezi ndi m'Masalmo a m'buku la mapemphero la Chalichi ca England, ndipo Handel anawaika pa nyimbo m'masiku 24 okha, kuyambira pa 22 August kufikira pa 14 September. Zigawo zake ndi zitatu. Coyamba cinena za malonjezo a aneneri ndi kubadwa kwa Mesiya. Caciwiri za kusauka kwake, kuuka kwake ndi kufalikira kwa Uthenga. Cacitatu za kuuka kwa akufa. Haleluya ali kumapeto kwa cigawo caciwiri, pambuyo pa mtanda, ngakhale kuti ambiri amamuyimba pa Krisimasi.

Messiah anayimbidwa koyamba ku Dublin pa 13 April 1742, ndipo ndalama zimene zinapezeka zinathandiza zipatala ziwiri ndi kumasula anthu omangidwa cifukwa ca ngongole. Kuti anthu 700 akwane m'nyumbamo, akazi anapemphedwa kuti asabvale madiresi otukumuka, ndi amuna kuti asiye malupanga ao kunyumba. Cofunika kuposa zonse pa nkhani ino ndi ici, kuti kwaya ya tsiku lija inali ya anthu pafupi 30 okha, amuna ndi anyamata ocokera m'machalichi awiri akuru a mzindawo. Ndiko kuti kwaya imene Handel anailembera Messiah inali yaing'ono kuposa makwaya ambiri a ku Bwacha kapena ku Chowa lero lino.

Handel atamwalira, Angerezi anayamba kuikuza nyimboyi. Mu 1784, pa mwambo womkumbukira ku Westminster Abbey, oyimba ndi oliza zoyimbira anaposa 500. Mu 1857 ku Crystal Palace oyimba anafika 2,000. Khamu lotere silingayende ndi zoyimbira zocepa zimene Handel analemba, motero anthu ena anaonjezapo zao: Mozart anaonjeza zitoliro ndi malipenga mu 1789, ndipo Ebenezer Prout anakonzanso buku lake mu 1902, limene makwaya ambiri a maiko olankhula Cingerezi anaphunziramo kwa zaka zambiri. Khamu silingathamangenso, cifukwa cace mayimbidwe anayamba kucedwa ndi kulemera. Mbale zonse za Messiah zimagawika pamenepa: zina zitsata mwambo wa khamu, zina zibwerera ku kagulu ka Handel mwini.

Mwa mbale za mwambo wa khamu, za Sargent ndizo zoyenera ulemu woyamba. Iye anajambula Messiah pamodzi ndi Huddersfield Choral Society mu 1946, mu 1954 ndi mu 1959. Huddersfield ndi mzinda wa ku Yorkshire umene unakula ndi mafakitale oomba nsaru za ubweya, ndipo kwaya yake, imene inayambika mu 1836, ndi ya anthu wamba oyimba ataweruka ku nchito, osati olembedwa nchito ya kuyimba. Munthu wa ku Kabwe, mzinda umene unakula ndi mgodi mpaka unatsekedwa mu 1994, sangalephere kumva cibale ndi anthu amenewa. Iwo ayimba ngati anthu okhulupirira cimene akunena. Pamene afika pa nyimbo zocokera pa Yesaya 53, zonena za zowawa zimene Mesiya anasenza, mau a mabesi amakhala ngati nthaka ikugwedezeka pansi pa mapazi, ndipo palibe kagulu kakang'ono kamene kangacite zimenezo. Pa mbale za 1946 palinso Isobel Baillie, amene ayimba nyimbo ya pa Yobu 19 ndi liu loyera, losanjenjemera, lopanda kudzionetsera konse. Ngakhale singano ikanda ndipo mbale ilira ngati mvula pa malata, liu limenelo limaboola phokoso lonse.

Komatu kulemera kuli ndi mtengo wake, ndipo kumaonekera poyera pa nyimbo ya kwaya ya pa Yesaya 9, yolengeza za mwana wobadwa. Pamenepo masopulano ayamba, matenala natsatira, ndipo mau amodzi amakokedwa pa manotsi ambirimbiri othamanga. Handel anatenga cuni ca nyimboyi ku nyimbo ina ya cikondi ya m'Citaliyana imene anaipeka milungu yocepa m'mbuyomo, yoyimbidwa ndi akazi awiri okha. Ndi nyimbo yopepuka kucokera pa cibadwidwe cake, yobvina ndi zala za kumapazi. Ikapatsidwa kwa anthu mazana, manotsi othamanga aja amasakanikirana ngati phala, ndipo womvera amamva cimwemwe koma sangathe kulekanitsa tenala ndi alito. Wofuna kungosangalala sadzadandaula. Wofuna kuphunzira mzere wake adzabwereza mbale kakhumi osapeza pamene iye ayenera kulowa.

Thomas Beecham ndiye anapitirira onse. Iye ndiye anayamba kujambula pafupi Messiah yense, mbale zake zinaturuka mu 1928. Koma zimene anthu amakumbukira ndi za 1959, pamene anali nkhalamba ya zaka 80. Beecham anapempha Eugene Goossens kuti alembenso zoyimbira zonse mwa makono, ndipo anaikamo azeze, malipenga amitundumitundu, ng'oma zazikuru ndi zitsulo zamkuwa zoombanitsa zimene Handel sanazilote ndi tsiku limodzi. Pa Haleluya zitsulozo zimaomba ngati mphezi. Tenala wake, Jon Vickers, anali munthu wa liu lalikuru lozolowera masewero a opera, ndipo akayamba mau otonthoza a pa Yesaya 40 amamveka ngati mneneri weniweni ataima pa phiri. Kunena zoona mbale zimenezi zimakondweretsa, ndipo munthu amene anena kuti sizinamgwire mtima mwina sakunena zoona. Koma ndi cakudya ca pa phwando, si nsima ya masiku onse. Ngozi yake iri pa kwaya yaing'ono imene imva Beecham niganiza kuti ukulu wa Haleluya uli m'phokoso. Anthu 25 alibe zitsulo kapena malipenga, tsono amayesa kubweza zonsezo ndi kukhosi. Amayamba kupfuula pa mzere woyamba, ndipo pofika paja masopulano akwera pang'onopang'ono atagwira liu limodzi nthawi yaitali, mpweya watha, mau atsika, nkhope zatupa. Akuru anati ng'oma yolira kwambiri sicedwa kung'ambika.

Caka ca 1966, comwe dzina la Broken Hill linasinthidwa kukhala Kabwe, ndi cakanso cimene mayimbidwe a Messiah anatembenuka. Akatswiri ena, monga Watkins Shaw, anali atafufuza kale zolemba za Handel mwini ndi kuonetsa zimene ena anaonjezamo, ndipo Hermann Scherchen ndi Adrian Boult anali atayesa kale kucotsa zoonjezazo. Koma mu 1966 Colin Davis, ndi London Symphony Orchestra ndi kwaya yocepetsedwa, anajambula Messiah amene anadabwitsa omvera ngati nyumba yakale imene aicotsa mwaye. Pa mbale za Davis nyimbo ya pa Yesaya 9 ija imabvina monga iyenera. Mzere uliwonse umamveka pa wokha, kotero kuti wa alito akhoza kutsata alito anzake kuyambira poyamba mpaka potsiriza, ndipo mau a Cingerezi amamveka bwino lomwe ngakhale kwa munthu amene Cingerezi anaciphunzira ku sukulu kokha. Ici si cinthu cacing'ono. Jennens sanalembe nkhani ya anthu olankhulana monga m'sewero. Anangondandalika mavesi, ndipo ngati mavesiwo samveka, womvera watsala ndi cuni cokha.

Oyimba paokha a Davis ndi anayi: Heather Harper, Helen Watts, John Wakefield ndi John Shirley-Quirk. Palibe mmodzi wa iwo amene afuna kuposa nyimbo imene akuyimba. Poyesera pabwino ndi nyimbo yaitali ya alito ya kumayambiriro kwa cigawo caciwiri, yonena za kunyozedwa ndi kukanidwa kwa Mesiya. Ku Dublin anaiyimba Susannah Cibber, mkazi wa masewero amene liu lake silinali lalikuru, koma anali wodziwa kuika cisoni m'mau. Handel anaika kupuma kwambiri m'nyimboyi: woyimba anena mau awiri, naleka, zoyimbira niziyankha motsitsa, monga amacitira munthu wopereka uthenga wa maliro amene mau akumkanika. Helen Watts amalemekeza malo opumirawo, sathamangira kuwadzaza. Woyimba wacinyamata akhoza kuphunzira zambiri pa mphindi khumi zimenezi kuposa pa Haleluya khumi. Pa nthawi yomweyo Charles Mackerras anajambulanso Messiah wopepuka, mmene muli Janet Baker, ndipo oyimba ake amakometsa cuni ndi timanotsi toonjezera monga ankacitira a nthawi ya Handel. Nzokoma kumva, koma wophunzira amene ali ndi buku m'manja adzasokonezeka poona kuti zimene akumva sizinalembedwe pa tsamba.

Otsatira Davis anapita patsogolo ndithu. Mu 1980 panaturuka mbale za Christopher Hogwood ndi Academy of Ancient Music, amene analiza zoyimbira zakale zenizeni kapena zopangidwa mofanana nazo: mavayolini a nsambo za matumbo a nkhosa, ndi malipenga opanda mabatani. Kwaya yake inali ya Christ Church Cathedral ku Oxford, amuna ndi anyamata okhaokha monga ya ku Dublin, ndipo anatsata Messiah monga anayimbidwira mu 1754 ku Foundling Hospital, nyumba ya ana otayidwa ku London, kumene Handel ankayimbitsa nyimboyi caka ndi caka kuyambira 1750 pothandiza anawo. John Eliot Gardiner mu 1982 ndi Trevor Pinnock mu 1988 anatsata njira ya zoyimbira zakale yomweyo, koma ndi makwaya okhala ndi akazi. Wofuna kudziwa mmene Messiah anamvekera m'makutu a Handel apite kwa Hogwood. Mau a anyamata aja ndi owala ngati madzi a pa kasupe, ngakhale kuti pa nyimbo za cisoni amasowa kulemera kwa anthu amene anaikapo maliro.

Pano pali msampha umene wagwira oyimbitsa ambiri. Magulu a zoyimbira zakale amacuna zoyimbira zao motsikirapo, pafupi theka la sitepe pansi pa piyano kapena limba la masiku ano. Haleluya analembedwa mu D, koma pa mbale za Hogwood, munthu akayerekeza ndi kiyibodi ya m'chalichi, adzapeza kuti akumveka pa notsi yakuda ya pansi pa D. Kwa oyimba a solofa bvutoli silioneka msanga, pakuti do ndi do kulikonse kumene aikidwa. Koma kwaya imene yaphunzira milungu isanu ndi umodzi potsata foni, nizolowera kuti manotsi apamwamba afikika mosabvuta, idzadzidzimuka tsiku limene woliza limba adzapereka D weniweni. Theka la sitepe ndi laling'ono pa pepala, koma kwa sopulano amene ali kale kumapeto kwa mau ake ndi phiri. Mbale za Davis, za Sargent ndi za Beecham ziribe bvuto limeneli, cifukwa zigwirizana ndi limba.

Msampha wina ndi wakuti Messiah si mmodzi. Handel ankasintha nyimbo zina malinga ndi oyimba amene anali nao caka cimeneco. Nyimbo ya pa Malaki 3, yonena za tsiku la kudza kwa Ambuye ndi moto wa woyenga, poyamba inali ya besi. Mu 1750 anailembanso kuti aiyimbe Gaetano Guadagni, mwamuna wa liu la alito. Motero pa mbale za mwambo wakale womvera adzaimva ndi besi, pa zambiri zatsopano ndi alito, ndipo pa za Hogwood aiyimba sopulano, Emma Kirkby. Palibe amene walakwa. Ndiponso mbale zambiri zakale zinasiya nyimbo zingapo za m'cigawo caciwiri ndi cacitatu kuti nthawi icepe, ndipo zina zimene zigulitsidwa ndi dzina la Messiah ndi zidutswa zosankhidwa cabe. Munthu asanataye ndalama zake pa intaneti ayang'ane utali wake: ngati sufika maola awiri, adziwe kuti wapatsidwa nyama yocotsedwa ziwalo zina.

Tsono ngati wowerenga angathe kukhala ndi Messiah mmodzi yekha, atenge wa Davis wa 1966. Akatswiri ena adzati wakalamba, popeza zoyimbira zake ndi zamakono ndipo pambuyo pake paturuka mbale zambiri zojambulidwa bwino koposa. Zimenezo nzoona, koma kwa munthu woyimba m'kwaya ya anthu 30 kapena 40, ndi limba limodzi, palibe mphunzitsi womuyenera kuposa ameneyu: ukulu wa kwaya yake ndi wofikirika, kucuna kwake kugwirizana ndi limba, liwiro lake ndi lamoyo koma losathawa, ndipo mau amveka. Sargent abwere pambuyo, kuti womvera adziwe cimene anthu wamba ambiri angacite akagwirizana mtima. Beecham asungidwe kufikira makutu atakhwima.

Pomvera Davis koyamba, wowerenga asalumphire pa Haleluya. Ayambire m'mbuyo pang'ono, pa nyimbo zocokera pa Salmo 2. Besi afunsa mwaukali za kupokosera kwa mitundu ya anthu, mavayolini akuthamanga ngati njuci zoputidwa. Kwaya iyankha ndi mau a opanduka, mzere uliwonse kulanda mnzake. Kenaka tenala ayimba za ciweruzo, zoyimbira zikudumpha ngati nyundo pa mbiya. Haleluya aturuka m'nkhondo imeneyi, ndipo ayamba ndi zoyimbira za nsambo zokha, malipenga ndi ng'oma zikudikira. Pakati pake pali malo pamene kwaya yonse itsitsa mau ngati ikunong'oneza, isanakwezenso mwadzidzidzi; pambuyo pake mabesi ayamba okha cuni catsopano, ena nalowa mmodzimmodzi. Ndipo kutatsala pang'ono kutha, Handel analemba kuti onse aleke. Pa mbale zabwino pamenepo pamakhala zii, kotero kuti womvera amagwira mpweya wake. M'makwaya ambiri pamamveka munthu mmodzi wa kumbuyo amene sanayang'ane dzanja la woyimbitsa.